Kusema si kutema, ndipo Chingerezi nacho chimasiyanitsa

Ana athu ambiri akumaliza Fomu 4 ali ndi mneni mmodzi yekha wa Chingerezi wonenera ntchito zonse za mpeni, nkhwangwa, chikwanje, sowo ndi lumo. Mneniyo ndi "cut". Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi ku sekondale ndachonga zimangirizo zambirimbiri, ndipo ndi mwa apo ndi apo pamene ndimakumana ndi mwana wolemba mneni wina. Akamasimba za agogo ake osema mitondo, alemba "cut". Za mchemwali wake wosenda mbatata, "cut". Za anyamata ogwetsa mtengo wa mbawa, za abambo owaza nkhuni, za mayi otumbula chambo, yemweyo "cut". Galamala imakhala yolondola, moti sindingamuthethe. Koma wowerenga sangaone chimene chachitika, chifukwa mneniyo sakutchula chida, sakuonetsa mmene dzanja layendera, sakunenanso chimene chatsala ntchito itatha. Ine ndikuti vutoli si laling'ono, ndipo gwero lake ndi kaphunzitsidwe, osati mitu ya ana.

Umboni wake ndi wakuti mwana yemweyo akabwerera ku Chichewa amasanduka katswiri. Palibe mwana wa kwa Kachindamoto kapena wa kwa Mabuka amene anganene kuti akusema udzu kapena akumweta mpini. Amadziwa kuti mtengo timatema, nkhuni timawaza, matabwa timacheka, udzu wofolera timamweta, wa pabwalo timatchetcha, nthambi timasadza, tsitsi timameta, zikhadabo timawenga, pensulo timasongola, mpini timasema, mkati mwa mtondo timagoba, ndipo maluwa a pachitseko timazokota. Sanaloweze zimenezi pa bolodi. Anaziona, anazigwira, mwinanso ali ndi chipsera chake pachala. Tsono tikamulola kuganiza kuti zonsezi pa Chingerezi ndi "cut", timamusiya ndi bodza lakuti Chingerezi sichisiyanitsa, komanso timataya nzeru zimene anabwera nazo kuchokera kunyumba. Amakhala ngati mmisiri wa chikwanje chokha: mtengo agwetsa ndithu, koma chipande sangaseme.

Nkhani ya aneni a kudula inakopa akatswiri a ziyankhulo a ku Max Planck Institute, mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands, ena mwa iwo Asifa Majid ndi Melissa Bowerman. Anajambula timakanema 61 toonetsa anthu akudula, akuthyola ndi kung'amba zinthu zosiyanasiyana, n'kutionetsa kwa anthu a ziyankhulo 28 kuti anene chimene aona. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2007 ndi 2008. Anthu a pachilumba cha Rossel ku Papua New Guinea anafotokoza timakanema tonseto ndi aneni atatu okha, pamene olankhula Chitzeltal ku Mexico anatulutsa aneni opitirira 50. Adatchi ali ndi mneni wa sizasi payekha ndi wa mpeni payekha, malire amene Angerezi sawasamala kwenikweni. Chimene ine ndimatolapo n'chakuti chiyankhulo chilichonse chimaika malire ake pake. Ntchito ya mphunzitsi ndi kuonetsa mwana pamene malire a Chingerezi adutsa, pamene akumana ndi athu, ndi pamene apatukana.

Ndikamaphunzitsa, ndimati Chingerezi chimafunsa mafunso atatu chisanasankhe mneni. Loyamba ndi lakuti dzanja layenda bwanji. Chida chikakwezedwa n'kutsika ndi mphamvu, kaya ndi nkhwangwa pa chipika kaya ndi mpeni pa anyezi, ndiye "chop". Mpeni ukayenda mokoka n'kusiya zidutswa zopyapyala zofanana, monga za buledi kapena za tomato, ndiye "slice". Chikwanje chikazunguzidwa kamodzi mwaukali n'kugwetsa zambiri, ndiye "slash". Munthu akamatema mobwerezabwereza, mosasamala kuti nsonga igwera pati, ndiye "hack". Sizasi ikaluma kamodzi kansonga ka ulusi, ndiye "snip", ndipo lumo likakukhwekhweretsa pang'ono pometa ndevu, ndiye "nick".

Funso lachiwiri ndi lakuti chikudulidwacho n'chiyani, ndipo cholinga n'chotani. Kugwetsa mtengo wathunthu ndi "fell", mneni amene ndi m'bale wa "fall", monga mmene kugwetsa kulili m'bale wa kugwa. Kuchotsa nthambi zikuluzikulu ndi "lop". Kudulira kuti chomera chiphuke bwino, monga amachitira ndi tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndi "prune". Udzu ndi "mow", mbewu zakucha ndi "reap", ubweya wa nkhosa ndi "shear", makoko a chipatso ndi "peel" kapena "pare". Wolemba kalata yopempha chilolezo chosadza nthambi za mtengo umene wayedzamira denga, akalemba "fell" m'malo mwa "lop", wapempha chinthu china kotheratu.

Funso lachitatu ndi lakuti chatsala n'chiyani. Kukhitchini, "dice" imasiya timabokosi ting'onoting'ono tofanana, "mince" imasiya zonyenyeka, "shred" imasiya zazitali zopyapyala monga kabichi. Koma pali gulu lina la aneni limene ndimalikonda koposa, limene kudula kwake si kuwononga ayi koma kupanga. Pamenepa chofunika si chimene chagwa pansi, koma chimene chatsala m'manja. Mkulu wa gulu limeneli ndi "carve".

Mbiri ya "carve" imaonetsa kuti mawu amakwera ndi kutsika. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, m'Chingerezi chakale, mneniyu ankatchedwa "ceorfan", ndipo anali wa kudula kwa mtundu uliwonse. "Cut" amene watidzaza m'makalasiyu ndi mlendo wobwera mochedwa: anayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1300, n'kuyamba kulanda malo pang'onopang'ono. "Carve" anapanikizika mpaka anatsala ndi malo awiri okha, kwa mmisiri ndi patebulo la chakudya. Akalipentala a ku England anasunga mphukira ina ya muzu womwewo, dzina lakuti "kerf", limene ndi kamzere kamene sowo amasiya m'thabwa.

Patebulo, kugawa nyama yowotcha inali ntchito yaulemu m'nyumba za mafumu ndi olemera a ku England. Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, polemba za mnyamata woleredwa bwino anatchula kuti ankagawa nyama pamaso pa bambo ake. Mu 1508 wosindikiza mabuku wina wa ku London, Wynkyn de Worde, anatulutsa buku lophunzitsa luso limeneli, ndipo m'menemo nyama iliyonse inali ndi mneni wake: gwape anali ndi "break", kalulu anali ndi "unlace", nkhanu inali ndi "tame". Lero Mngerezi wamba sadziwa matanthauzo amenewa, chifukwa udindo wa wogawa nyama kunyumba za akuluakulu unatha, ndipo mawu ake anapita nawo limodzi. Chatsala ndi "carve" yekha, amene amamveka Lamlungu kapena pa Khirisimasi, mwini nyumba akaimirira ndi mpeni wautali kugawira aliyense gawo lake la nyama yowotcha.

Malo awiriwa anabereka miyambi iwiri yosiyana kwambiri. Kuchokera kwa mmisiri kunatuluka "carve out", kudzipangira malo kapena ntchito mwakhama, pang'onopang'ono, pamene panalibe mpata. Kuchokera patebulo kunatuluka "carve up", kugawana chinthu chimene sichingathe kukana. Mwana wa kusekondale amakumana ndi mawu achiwiriwa m'buku la mbiri, pamutu wa msonkhano wa ku Berlin umene Otto von Bismarck anaitanitsa kuyambira mu Novembala 1884 mpaka mu Febuluwale 1885. Kunali nthumwi za mayiko 14, popanda mfumu ngakhale imodzi ya mu Africa. Malire enieni anabwera ndi mapangano otsatira, monga la Britain ndi Portugal la mu 1891, ndipo mapeto ake Achewa anapezeka m'mayiko atatu. N'chifukwa chake mpaka lero mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique amawoloka malire kukachita mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Mwana amene amawerenga "carve up" ngati "cut" chabe wamva kuti dziko linadulidwa. Koma amene akudziwa za tebulo lija wamva zonse zimene wolemba amafuna kunena: kuti panali anthu okhala pansi, panali wogwira mpeni, ndipo ife tinali m'mbale. Mneni mmodzi wanyamula chiweruzo cha mbiri yonseyo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwana adutse pamwamba pake osachiona.

Abale ake a "carve" nawonso ali ndi malo awo. "Hew" ndi kusema ndi nkhwangwa kapena nsompho, ntchito ya mphamvu yosandutsa chipika kukhala mtanda kapena thanthwe kukhala mwala womangira. Ndi mawu achikale, opezeka kawirikawiri m'Baibulo la King James la mu 1611. "Whittle" ndi kupala kamtengo ndi mpeni waung'ono, kuchotsa timapalo pang'onopang'ono, ndipo anachokera ku dzina lakale la mpeni. "Gouge" ndi kugoba ndi tchizulo chokhota. "Engrave" ndi kuzokota zilembo kapena zithunzi pa chitsulo, pa mwala kapena pa galasi. Muzu wake unkatanthauza kukumba, ndipo ndi womwewo unabereka dzina la manda pa Chingerezi. "Etch" amasiyana chifukwa wodula si mpeni koma asidi amene amadya mkuwa, ndipo mawuwo anachokera kwa Adatchi ndi Ajeremani, kumene muzu wake ndi kudyetsa. Ngakhale "write", mneni amene mwana amamumva tsiku lililonse, poyamba ankatanthauza kukanda kapena kulemba mokhwekhwereza pa mtengo ndi pa mwala. Ndipo telala wathu wa pakhonde la sitolo dzina lake linadutsira m'Chingerezi kuchokera ku mneni wa Chifalansa wotanthauza kudula.

Wina angafunse kuti zonsezi zimuthandiza chiyani mwana amene sadzakhala wolemba mabuku. Ndiyankha ndi malo atatu amene aliyense wa ife amafikako.

Oyamba ndi nyuzipepala. Nkhani za chuma zimalembedwa ndi aneni a kudula, ndipo wolemba aliyense amasankha mpeni wogwirizana ndi mtima wake. Ndalama zopita ku ntchito inayake zikachepetsedwa, wofuna kuziziritsa mitima amalemba "trim", mneni wa ometa, wosonyeza kuti achotsa nsonga zokha. Wofuna kudzutsa mkwiyo amalemba "slash", mneni wa chikwanje. Ntchito zikathetsedwa amalemba "axe". Ufulu ukamachepetsedwa mwakachetechete, chaka ndi chaka, amati "whittle away". Nambala ikhoza kukhala imodzimodzi, koma mneniyo wakuuziratu mmene uyenera kumvera. Nzika yodziwa "cut" yekha imameza maganizo a wolemba osadziwa kuti yameza kanthu. Yodziwa kusiyanitsa imayamba yafunsa kuti achotsa zingati kwenikweni.

Achiwiri ndi chipatala. Mafomu ndi malipoti ambiri a madokotala amalembedwa m'Chingerezi chodzaza ndi Chilatini ndi Chigiriki. "Incise" ndi kucheka kuti atsegule, "excise" ndi kucheka n'kuchotseratu. "Lance" ndi kuboola chithupsa kuti mafinya atuluke. "Amputate" ndi kudula chiwalo, ndipo Aroma ankagwiritsa ntchito mawu amenewa podulira mitengo. Dzina la opaleshoni likathera ndi "otomy", ndiye kuti akucheka kuti alowe. Likathera ndi "ectomy", ndiye kuti chinthu chichotsedwa. Kawirikawiri wa kusekondale ndi amene banja limamutuma kuti akawerengere wodwala pepala asanasaine. Tiyenera kumupatsa zida zokwanira udindo umenewo.

Achitatu ndi ntchito. Achinyamata athu akugwira ntchito m'makhitchini a mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima, ena m'malesitilanti a ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Wamkulu wa kukhitchini akanena "dice" sakufuna "slice", ndipo alibe nthawi yofotokoza kawiri. M'makoleji a ntchito zamanja amene TEVETA imayang'anira, wophunzira ukalipentala ayenera kudziwa kuti "rip" ndi kucheka motsata mitsempha ya thabwa, pamene "crosscut" ndi kucheka mopingasa, ndipo sowo wake ndi wosiyana. Osema ziboliboli amene anadutsa ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa ku Mua mu 1976, komanso ogulitsa zosemasema m'misewu ya ku Lilongwe, Zomba ndi Nkhata Bay, amagulitsa kwa alendo ndi pa intaneti m'Chingerezi. Kunena kuti chigoba ndi "hand-carved" n'kunena za masiku a luso amene alowamo. Kunena kuti ndi "cut" n'kudzitsitsira mtengo wekha.

Aphunzitsi anzanga ena amatsutsa, ndipo mfundo zawo si zachabe. Amati nthawi ndi yochepa, silabasi ndi yaitali, makalasi ndi odzaza, ndipo mwana sangalandire satifiketi ya MSCE osakhoza Chingerezi. Ndiye bwanji osalimbikira galamala ndi mabuku a mayeso? Amatinso mwana ukamupatsa mawu ambiri amayamba kuwathira paliponse pofuna kuoneka wophunzira, mpaka chimangirizo chimasanduka chosamveka. Pa mfundo yachiwiriyi ndikugwirizana nawo pang'ono. Nthawi zambiri "cut" ndiye mneni woyenera, woona mtima, wosadzikweza. Koma kusankha mawu osavuta uli ndi ena m'thumba n'kosiyana ndi kuwalemba chifukwa ulibe ena. Ndipo ana amathira mawu paliponse makamaka pamene anawaloweza pa mndandanda osaona ntchito yake. Mankhwala ake si kuwamana mawu, koma kuwaphunzitsa kudzera m'maso ndi m'manja.

Ndinaona zimenezi nditapempha mmisiri wina wa m'mudzi woyandikana ndi sukulu yathu kuti abwere ndi zida zake. A madala aja sanalankhule Chingerezi ngakhale liwu limodzi. Anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi chipika, kasemasema, tchizulo ndi kampeni, n'kuyamba kusema chipande. Ana anazungulira. Iwo akachita chinthu, ndinkafunsa ana kuti achita chiyani, ana n'kuyankha m'Chichewa, nthawi zina mokangana, a madalawo n'kuweruza kuti uku si kusema, n'kugoba. Kenako ndinkapereka mneni wa Chingerezi wa ntchito imeneyo. Powaza chipika tinapeza "split", pochotsa zikuluzikulu tinapeza "hew", pogoba kamwa la chipande tinapeza "gouge", posalaza chogwirira tinapeza "whittle", ndipo ntchito yonseyo pamodzi tinaitcha "carve". Pomwepo ndinawaonetsanso kuti mneniyu amayenda njira ziwiri: ukayamba ndi chipande umati "out of" mtengo, ukayamba ndi mtengo umati "into" chipande. Galamala imene imatenga mlungu pa bolodi inalowa mosavuta chifukwa timapalo tinali pamapazi pawo. Zimangirizo za temu imeneyo zinali ndi manja ndi zida, ndipo ana amene kale sankatsegula pakamwa m'kalasi la Chingerezi ndi amene ankatsogolera, popeza ndi iwo amene ankadziwa ntchitozo kwawo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi sukulu zimene zinatemetsa nkhwangwa pamwala kuti Chichewa chisamveke m'kalasi la Chingerezi, mpaka kupereka chibalo kwa mwana amene chamupulumuka. Cholinga chawo ndi chabwino, kuti ana azolowere kulankhula. Koma pa nkhani ngati ino lamulolo limatseka njira yachidule kwambiri imene tili nayo. Kufotokoza "prune" m'Chingerezi chokha kumafuna ziganizo zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mawu ena achilendo. Kunena kuti ndi kudulira kumatenga mphindi yosakwana imodzi, ndipo nthawi yotsalayo imapita ku chinthu chofunika kwambiri, chimene ndi kuonetsa pamene ziyankhulo ziwirizi sizikumana: kuti kucheka kwathu kumagawika pakati pa "saw" ndi "slice", kuti kusema kwathu kumanyamula "hew" ndi "carve" pamodzi, kuti "chop" amalowa pamene ife timati kutema komanso pamene timati kuduladula. Mwana wa Chiyao, wa Chitumbuka, wa Chilomwe kapena wa Chisena angachite chimodzimodzi ndi aneni a kwawo. Mwana amene waona malire amenewa waphunzira chinthu choposa mawu. Waphunzira kuti kumasulira si kusinthanitsa liwu ndi liwu.

Pempho langa likupita kwa magulu atatu. Olemba mabuku a sukulu, kuphatikizapo akatswiri a silabasi a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, aike aneni m'mabanja a ntchito, la kudula, la kuphika, la kunyamula, la kumanga, ndi zithunzi za zida zimene mwana wa kuno amazidziwa, ndipo asaope kuika mneni wa chiyankhulo cha mwanayo pambali pake. Aphunzitsi anzanga atsegule zitseko kwa osema, atelala, akalipentala ndi ophika a m'dera lawo, pakuti sipafunika ndalama yambiri kuti mmisiri akhale nafe ola limodzi, ndipo iye amachoka atalemekezedwa pamaso pa ana. Makolo nawo apitirize kutchula ntchito ndi mayina ake enieni, kumuuza mwana kuti awaze nkhuni, asongole mtengo, asadze nthambi, chifukwa mwana amene Chichewa chake chaphwa n'kutsala ndi kudula kokha sadzakhala ndi poyambira pophunzira kusiyanitsa kwa Chingerezi. Kuwongola mtengo mpoyamba, choncho ntchitoyi iyambe ku pulayimale, pamene Chingerezi chikungoyamba kukhala chiyankhulo chophunzirira, isadikire Fomu 4 mayeso atayandikira.